Nthenda ya ku Tauni Ilipidwa ndi Nkhokwe ya Kumudzi

Alimi anzathu, caka ndi caka, fodya atagulitsidwa ndipo cimanga citalowa m'nkhokwe, ife oyendera midzi timamva mau amodzimodzi: mnyamata uja anapita ku Blantyre, mtsikana uja ali ku Lilongwe. Sitiwadzudzula ai. Munda umene kale unalimidwa ndi banja limodzi lero ugawidwa pakati pa ana asanu. Koma tifuna makolo adziwe kumene mwana wao akagona, pakuti cikomekome ca nkuyu, m'kati muli nyerere.

Mlendo wopanda nchito sakhala m'nyumba zokongola zimene tiziona m'mbali mwa mseu. Amakapeza kacipinda ka lendi ku Ndirande, ku Mbayani kapena ku Bangwe. Akakhala ku Lilongwe, ku Mtandire kapena ku Mgona. Kumeneko anthu ambiri agona mothinana m'cipinda cimodzi, mabanja angapo apita ku cimbudzi cimodzi, ndipo madzi ngogula pa ndowa. Ndalama ikasowa, mai atunga pa citsime cosabvundikira cimene ciri pafupi ndi zimbudzi, ndipo mvula ikagwa zonyansa zitsikira momwemo.

Zotsatira zace tinaziona. Matenda a kolera amene anabuka m'mwezi wa March 2022 anapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo mu January 2023 Boma linacedwetsa kutsegulira masukulu a ku Blantyre ndi Lilongwe cifukwa ca mliriwo. Cifuwa cacikuru naco cikonda malo othinana, pakuti tizirombo tace tiyenda mu mpweya munthu akatsokomola.

Wina anganene kuti izi nza m'tauni, sizikhudza mlimi. Iyeyo afunse agogo ace. Mwa amuna amene analembedwa ndi Wenela kupita ku migodi ya ku Johannesburg, ulendowo usanaimitsidwe mu 1974, ena anabwera ndi njinga ndi mabulangete, komanso ndi cifuwa, ndipo owadwazika anali akazi ao kumudzi. Lero ziri comweco. Mwana akafooka ku tauni akwera basi nabwerera kwao. Mbuzi igulitsidwa, ndalama ya fodya ithera m'maulendo a ku cipatala, ndipo mai ace asiya kupalira kuti adikire wodwala.

Cifukwa cace tipempha zinthu zitatu. Coyamba, mnyamata amene wakubzalirani fodya, kuthyola ndi kusoka, mpatseni gawo lace la ndalama. Ambiri sathawa khasu, athawa kulima popanda kugwirako tambala. Mpatseninso dimba lacelace, kuti m'cilimwe alime tomato, anyezi ndi cimanga caciwisi.

Caciwiri, akatsimikiza zopita, munda wace musagulitse. Ukhalepo, kuti tsiku limene zinthu zidzamthina asadzacite manyazi kubwerera. Wina akamapita komweko, mtumizireni ufa, nyemba ndi nsinjiro, pakuti thupi lanjala ndilo nthenda iyamba kugwetsa.

Cacitatu, mphunzitseni asananyamuke. Madzi akumwa awiritse kapena athiremo mankhwala, ndipo asambe m'manja ndi sopo pocokera ku cimbudzi. Akayamba kutsegula m'mimba, asungunule masupuni ang'onoang'ono 6 a shuga ndi theka la supuni yaing'ono ya mcere mu lita imodzi ya madzi owiritsa, azimwa ali pa ulendo wa ku cipatala. Akatsokomola masabata awiri, akayezetse makhololo. Mankhwala a cifuwa cacikuru aperekedwa ulere m'zipatala za Boma ndipo amwedwa miyezi 6. Wolekeza panjira aidzutsa nthendayo, ndipo nthawi zina ibwerera yosamva mankhwala. Akafika kumudzi ali wodwala, musambise m'nyumba yotseka. Tsegulani mazenera, ndipo ana a m'nyumbamo nawonso akayezedwe.

Inu akuru a mbumba, musanamperekeze mwana kokwerera basi, khalani naye pansi mumuuze zonsezi.