MAU A MLANGIZI: Khalidwe Nalo Liphunzitsidwa

Alimi anzanga, sabata ino tisiye pang'ono za kumunda, tikambe za ana athu a ku sukulu. Ambiri a inu mumandifunsa pa misonkhano kuti, popeza Boma linaletsa aphunzitsi kukwapula ana, kodi mwana adzamva bwanji mwambo? Funsoli nlabwino. Mwana wopanda mwambo avuta mudzi wonse, komanso mwana woopa chikoti kapena wovutitsidwa ndi anzake amathawa sukulu, tsono timampeza kudambo akuweta mbuzi.

Yankho lina lichokera ku America. Pa University of Oregon panali akatswiri awiri a maphunziro, George Sugai ndi Robert Horner. M'zaka za m'ma 1990 iwo ndi anzao anakonza njira imene itchedwa PBIS. Maganizo ake ndi awa: mwana akalephera samu, mphunzitsi ambwerezera phunzirolo kufikira atamva, motero akalakwa pa khalidwe, amphunzitsenso. Njirayi inafika ku Norway ndi ku Australia, ndipo ku New Zealand sukulu zinayamba kuitsata mu 2010.

Nchito yake iyenda motere. Sukulu yonse isankha malamulo ochepa, atatu kufikira asanu, onena chimene mwana ayenera kuchita. Tinene kuti asankha kukoma mtima, kupewa ngozi, ndi kusataya mtima. Tsono aphunzitsi apita ndi ana pamalo peni peni kukawasonyeza, monga ife tichitira pa munda wachitsanzo. Kwathu kuno malo otere ndi pa mjigo, pamzere wolandira phala, ndi pamseu poweruka. Kukoma mtima ndiko kusiyira wamng'ono ayambe kutunga. Kupewa ngozi ndiko kuyang'ana uku ndi uku musanaoloke. Kusataya mtima ndiko kuyesanso samu imene yakukanika.

Mwana akachita bwino, amyamika pomwepo, natchula chimene wachitacho. Akalakwa, amkumbutsa lamulo, ndipo akonza chimene waononga. Akulu onse, kuyambira mphunzitsi wamkulu kufikira mlonda, alankhula mau amodzi. Alembanso m'buku malo ndi nthawi imene ndewu zichuluka, kuti pamenepo paime munthu wamkulu.

Eni njirayi ayerekeza kuti pa ana 100, pafupifupi 80 awongoka ndi zimenezi zokha. Ena 15 afuna chithandizo choonjezera, monga kuonana ndi mphunzitsi m'mawa ndi poweruka. Otsala 5 afuna kuti aphunzitsi ndi makolo akhale pansi, afufuze chimene chimsautsa mwanayo, kaya ndi njala, matenda kapena mavuto a pakhomo.

Tsono gawo lanu ndi ili. Funsani mwana wanu malamulo a ku sukulu kwake, ndipo mau omwewo muziwanena pakhomo. Akathandiza mlongo wake kusenza nkhuni, musangokhala chete. Muuzeni kuti wachita bwino. Akalephera mayeso, musamtche chitsiru, koma khalani naye abwerezenso. Pa msonkhano wa makolo ndi aphunzitsi pitani ndithu, mukapemphe kuti malamulo akhale ochepa ndi omveka, ndi kuti aphunzitsi onse aziwatsata chimodzimodzi.

Akulu anati kuwongola mtengo mpoyamba. Yambani ndi ana a Sitandade 1 teremu ino.