Mukandilanda padi, musalande ndi nzeru zomwe

Ndiyambe ndi chenjezo: nkhani ino iulula mathero a magemu angapo. Ngati simunamalize Fallout 3 kapena The Last of Us Part II ndipo mukufuna kudzadzionera nokha, tsekani pompano, mudzabwerenso. Otsalanu tiyeni.

Kumapeto kwa Fallout 3, gemu ya Bethesda ya mu 2008, mumaima pakhomo la chipinda china mkati mwa Jefferson Memorial ku Washington. M'chipindamo muli makina oyeretsa madzi omwe bambo anu anafera. Kuti makinawo ayambe kugwira ntchito, pakufunika wina alowe akadine manambala atatu. Vuto ndi loti chipindacho chadzaza radiation, poizoni uja wosaoneka wa nyukiliya, moti wolowayo sayembekezera kutulukamo wamoyo. Pambali panu pali Fawkes, chimunthu chachikulu chomwe poizoniyu sachichita kanthu. Izi mukuzidziwa bwino, chifukwa ku Vault 87 mutamutsegulira m'chipinda chomwe anamutsekera, Fawkes yemweyu analowa malo a poizoni wotere kukakutengerani chipangizo chotchedwa G.E.C.K., n'kutuluka ali bwinobwino. Ndiye mumamupempha kuti, achimwene, talowani mudine timanambala iti, tonse tizipita kwathu. Fawkes amakana. Akuti gawo limeneli linalembedwera inu, iye sangakulandeni.

Eti sangandilande imfa. Zikomo kwambiri akuluakulu, ulemu wanu tauona.

Fawkes ndi wanzeru, ndi wachifundo, ndipo ali ndi ngongole kwa inu yomutulutsa m'ndende. Palibe chilichonse mwa iye chomwe chingamuchititse kuima chilili mnzake akukafa imfa yopewedwa. Amene akukana pamenepo ndi alembi, omwe anali atatsimikiza kale kuti gemu ithe ndi nsembe, ndipo ataona kuti Fawkes awononga nsembeyo anangomuzimitsa mutu kwa mphindi imodzi. A Bethesda eni ake anavomereza ndi zochita zawo: mu 2009 anatulutsa gawo lowonjezera, Broken Steel, momwe Fawkes amavomera kulowa. Gawolo linali logula padera. Ndiye kuti nzeru za Fawkes anatigulitsa kawiri.

Chomwe ndikudana nacho ndi chimenechi: mpangankhani kusanduka chitsiru mwadzidzidzi, pa nthawi yeniyeni yomwe mlembi akufuna nkhani ikhotere kwina, kenako n'kubwereranso kukhala wochenjera ngati palibe chachitika. Ena amati ndi kachilema kakang'ono, tizingokapirira. Ine ndikuti ndi kuba, ndipo mu gemu kumapweteka kuposa m'buku kapena mu filimu.

Chifukwa chake n'chosavuta. Filimu mumangoonera. Mtsikana akamatsikira kuchipinda cha pansi komwe kukumveka phokoso usiku, mumakuwa kuti iwe usapite, koma mwendo ndi wake. Mu gemu mwendowo ndi wanu. Kwa maola makumi awiri gemu yakhala ikukuphunzitsani ndi chikwapu: ukalowa m'chipinda osasuzumira, wafa, yambiranso. Ukawononga zipolopolo, wafa. Ukatembenukira mdani msana, wafa. Mwaphunzira, mwachenjera, zala zazolowera. Kenako pamafika kafilimu kaja ka pakati pa gemu komwe padi imasiya kumvera, ndipo munthu wanu yemwe uja amachita ndendende chinthu chomwe gemu yakhala ikukuphani nacho. Amalowa osasuzumira. Amatsitsa mfuti. Amaima n'kumamvetsera mdani akulankhula mpaka anzake a mdaniyo amuzungulire. Inu muli phee, padi ili m'manja, ngati dalaivala amene wamulanda chiwongolero n'kumuuza kuti aonerere galimoto ikulowa mu dzenje.

Tiyeni kwa Joel, poti ndi pomwe anthu amakanganirana mpaka lero. Mu The Last of Us ya mu 2013, Naughty Dog inationetsa bambo yemwe wapulumuka zaka 20 m'dziko lomwe latha, ndipo wapulumuka chifukwa sakhulupirira munthu. Akulowa mu Pittsburgh pa galimoto ndi Ellie, kutsogolo kukubwera munthu akudzandira ngati wavulala, akupempha thandizo. Ellie akufuna aime. Joel sanaganize kawiri, anaponda mafuta, chifukwa anadziwa kuti ndi msampha. Pambuyo pake anamuuza Ellie kuti misampha yotere amaidziwa poti nayenso anaitcherapo. Ameneyo ndiye Joel yemwe tinamunyamula m'manja mpaka ku chipatala cha ku Salt Lake City, komwe anapha anthu ambiri, kuphatikizapo dokotala, kuti apulumutse Ellie, kenako n'kumunamiza mwanayo.

Mu 2020 kunabwera Part II. Joel ndi mng'ono wake Tommy apulumutsa mtsikana wachilendo, Abby, ku chigulu cha odwala aja, kunja kuli chimphepo cha chisanu. Abby awatengera ku nyumba komwe kuli anzake. Joel alowa, aima pakati pa chipinda, alendo okhala ndi zida amuzungulira mbali zonse, ndipo abale awiriwa atchula mayina awo enieni. Abby ndi mwana wa dokotala uja. Amuwombera mwendo, n'kumumalizitsa ndi ndodo yosewerera gofu.

Mvetsetsani, ine sindikulira kuti Joel anafa. Anayenera kufa. Zomwe anachita ku chipatala kuja ndi ngongole, ndipo nkhani yoona mtima inayenera kumutumizira wodzatenga ngongoleyo. Sindili nawonso gulu la anthu aja omwe anafika potumiza mauthenga oopseza kwa Laura Bailey, mayi yemwe anasewera Abby. Amenewo mkwiyo unawadya ubongo. Changa ndi njira yomwe Joel anafikira pa imfayo. Bambo yemwe dziko lonse la a Fireflies lingamusake, yemwe anatchera ndi kuzemba misampha kwa zaka 20, aima pakati pa alendo n'kunena dzina lake ngati ali pa msonkhano wa mpingo?

Oikira kumbuyo gemuyi ali ndi yankho, ndipo si lopusa. Amati papita zaka zingapo Joel akukhala mwamtendere ku Jackson, tauni yomwe imalandira alendo, ndipo mtima wake unafewa. Amatinso panalibe kothawira, ndipo Tommy ndiye anayamba kutchula mayina. Zoona, munthu amasintha. Koma ngati kusinthako ndi komwe kumupha, tionetseni kusinthako asanafe. Zambiri zoonetsa Joel wofewa, monga ulendo uja wopita ndi Ellie ku nyumba yosungira zinthu zakale pa tsiku lake lobadwa, zimabwera pambuyo, maliro tatha kulira. Chifukwa chikafika mochedwa choncho chimamveka ngati kudziikira kumbuyo. Onani zomwe anachita okonza kanema wa HBO mu 2025: Joel ali ndi Dina m'malo mwa Tommy, ndipo Abby amva dzinalo pomwe Dina akumuitana. Imfa ndi yomweyo, ululu ndi womwewo, koma Joel sanadziperekenso yekha m'mbale. Njira ina inalipo.

Choipitsitsa pa zonse kwa ine ndi Metroid: Other M, ya Nintendo ndi Team Ninja ya mu 2010. Samus Aran tinamudziwa kuyambira 1986, mkazi yemwe amatsika yekha pa dziko lodzaza zilombo n'kuliphulitsa. Mu gemuyi ali ndi zida zake zonse, koma walonjeza kuti sagwiritsa ntchito chilichonse mpaka Adam Malkovich, yemwe anali mkulu wake ku usilikali, atamuloleza. Pa mabomba akuluakulu zikumveka, angavulaze anzake. Koma pali chovala chotchedwa Varia, chomwe ntchito yake ndi kumuteteza ku kutentha basi, sichivulaza aliyense. Samus amathamanga m'dera la chiphalaphala cha moto, moyo ukutsika, chovalacho ali nacho pathupi koma osachiyatsa, kudikira bwana anene kuti yatsa. Abale, ndani amapsa ndi dzuwa ambulera ili m'manja podikira kalata ya chilolezo? Okonza gemu ankafuna njira yoti zida zizibwera pang'onopang'ono monga zimakhalira mu Metroid iliyonse. Chosowa chinali chawo, koma amene analipira ndi Samus, ndi ulemu wake wa zaka 24.

Tsopano wina anena kuti, iwe, anthu enieni amapusa tsiku ndi tsiku, bwanji ukufuna ampangankhani anzeru okhaokha? Ayi, sindikufuna zimenezo. Nkhani yopanda wopusa ndi nsima yopanda ndiwo. Agogo athu ankazidziwa izi kalekale. Mu nthano ija ya chitsime, Kalulu wakana kukumba nawo koma akumaba madzi, ndipo wapusitsa alonda onse amphamvu. Amadzagwidwa bwanji? Ndi ulimbo. Amamenya ndi dzanja, lamatirira. Amenya ndi linalo, lamatiriranso. Mpaka miyendo yonse. Ndi kupusa kumeneko, koma ndi kupusa kwa Kalulu: kunyada, kupsa mtima, kuzolowera kupambana. Palibe mwana pa bwalo yemwe amafunsa kuti Kalulu wachitiranji zimenezi. Koma yesani kunena kuti Kalulu anagwidwa chifukwa cha dyera la nyama yowola. Ana akudzudzulani pomwepo kuti ameneyo ndi Fisi, agogo mwasokoneza.

Magemu abwino amadziwa lamulo lomweli. Mu Red Dead Redemption 2 ya Rockstar, ya mu 2018, Dutch van der Linde amapanga zisankho zopusa zotsatizana mpaka gulu lake lonse kupasuka. Koma palibe pomwe mumamva dzanja la mlembi. Kuyambira pachiyambi mukuona bambo wokonda kutamandidwa, yemwe nthawi zonse ali ndi pulani ina yomaliza yoti apeze ndalama athawire ku Tahiti. Hosea, mnzake wakale yemwe ankamubweza, akuphedwa pa kuba kwa ku banki ya Saint Denis, ndipo khutu la Dutch likutsalira Micah, wodziwa kunyengerera. Arthur Morgan naye amachedwa kuchoka, ndipo inu mukukuwa kuti thawa, koma mukumvetsa: Dutch anamutola ali mnyamata, anamulera, anamuphunzitsa kuwerenga. Kupusa kwa Arthur ndi chikondi cha mwana kwa bambo. Kumapweteka, koma simumva kuti akuberani.

Ngakhale GTA San Andreas ya mu 2004, yomwe ambiri a ife tinakulira, inachita bwino apa. Big Smoke akamadzapezeka kuti wagulitsa CJ ndi Grove Street, mumadabwa, kenako mumakumbuka. Si yemwe uja ankangodya m'galimoto anzake akuwomberana ndi a Ballas, iye osawombera ngakhale kamodzi? Si yemwe uja anasamuka ku Grove Street kukakhala ku Idlewood? Tinkaseka, osadziwa kuti alembi akutiikira zizindikiro pansi. Umu ndi momwe nkhani imakhotera mwaulemu: mukayang'ana m'mbuyo, mapazi mukuwaona.

Ndikudziwa kuti kulemba gemu ndi ntchito yovuta. Anthu mazana amagwira gemu imodzi, ndipo nthawi zambiri malo omenyerana ndi mamishoni amakhala atamangidwa kale nkhani isanapse. Rhianna Pratchett, yemwe analemba Tomb Raider ya mu 2013, wakhala akudandaula kuti alembi amaitanidwa mochedwa, ngati a ambulansi odzatola nkhani yovulala kale. Ngati gawo lotsatira ndi la m'ndende ndipo lamangidwa kale, munthu wanu agwidwe basi, kaya wangogonjetsa asilikali zana. Ndikumvetsa. Koma kumvetsa chifukwa chomwe ndiwo zapserera sikuchotsa fungo. Ife timalipira ndi ndalama, ndi maola, ena ndi bandulo yoonera gemu yonse pa YouTube poti makina ake ndi odula. Chomwe tikupempha n'chochepa: mukafuna munthu wathu agwe, mugwetseni ndi chilema chake chomwe, kapena mupatseni mdani wochenjera kuposa iye, kapena mutsekereni njira zonse moti ngakhale ife titagwira padi tikanasankha chimodzimodzi.

Ndipo tisaloze chala ku America ndi ku Japan kokha. Ambiri mwa inu mumalemba nkhani za m'magawo pa Facebook ndi pa WhatsApp, inenso ndimalemba. Tonse tinachitapo. Mayi wochenjera yemwe kwa magawo khumi wakhala akugwira bodza lililonse la mwamuna wake, gawo la 11 akusainira pepala la nyumba osawerenga, chifukwa mlembi akufuna gawo la 12 likhale la misozi. Mnyamata yemwe wabisa chibwenzi zaka zitatu, lero wasiya foni yosakiya pa tebulo n'kupita kukasamba. Owerenga amaona. Mwina sanena, koma kuyambira pamenepo amasiya kuopera mpangankhani wanu, chifukwa adziwa kuti chomwe chimuchitikire sichidalira iye, chidalira zomwe inu mukufuna Lachisanu.

Ndiye musanatumize gawo lotsatira, dzifunseni funso limodzi lomwe alembi a Fawkes sanadzifunse: munthu uyu, monga ndamuonetsera kuyambira tsamba loyamba, angachitedi zimenezi? Ngati yankho ndi ayi, musamukakamize. Bwererani m'mbuyo mukabzale chifukwa, kapena sinthani komwe nkhani ikupita. Zitenga nthawi, inde, ndipo owerenga adandaula kuti gawo lachedwa. Alekeni adandaule za kuchedwa.