Loboti, thangata ndi dengu la tiyi

Kwathu kuno munthu akati "loboti", tonse timaganiza za magetsi a pamsewu aja amaimitsa galimoto mumzinda wa Blantyre. Komatu liwuli lili ndi mbiri yake. Lidatchuka mlembi wa ku Czechoslovakia, Karel Čapek, atalemba sewero la R.U.R. m'chaka cha 1920. Lidachokera ku mawu a chinenero chawo akuti robota, kutanthauza ntchito yokakamiza imene mlimi wosauka ankagwirira mwini malo. Agogo athu a ku Thyolo sakadafuna wowamasulira. Ntchito yotereyi iwo ankaitcha thangata.

Ndayamba chonchi chifukwa sabata ino ndikufuna tikambirane za kanema wa makatuni wa ku Japan wotchedwa Pluto. Ndikudziwa ena mwayamba kale kunena kuti makatuni ndi za ana. Dikirani kaye. Kanemayu, yemwe adatuluka pa Netflix mu Okutobala 2023 m'zigawo 8, adachokera m'mabuku a zithunzi amene Naoki Urasawa ndi Takashi Nagasaki adatulutsa kuyambira 2003 mpaka 2009. Iwo adaumbanso nkhani yakale ya Astro Boy ya Osamu Tezuka, n'kuisandutsa ya akuluakulu.

Nkhani yake ili motere. Dziko lafika poti maloboti amaganiza, amakwatira, amalera ana, ndipo pali malamulo oteteza ufulu wawo. Kenaka wina akuyamba kupha mmodzimmodzi maloboti 7 amphamvu koposa padziko lonse, pamodzi ndi anthu ena otchuka. Wofufuza mlanduwu ndi Gesicht, wapolisi wa Europol wa ku Germany, yemwe naye ndi loboti ndipo ali pamndandanda wa ofunika kuphedwa. Pofufuza akupeza kuti gwero la zonse ndi nkhondo imene dziko lamphamvu la Thracia lidayambitsa ku Persia, ponamizira kuti kumeneko akubisa maloboti oopsa. Maloboti oopsawo sadapezeke, koma nkhondo idamenyedwabe. Amene mukukumbukira za ku Iraq mu 2003 mwazindikira kale kumene mlembi ankaloza.

Chimene chimandigwira mtima ndi chakuti maloboti amenewa adatumizidwa kukaphwanya maloboti anzawo pankhondo yomwe sadaiyambitse. Atabwerako sadakhalenso chimodzimodzi. North No. 2 adakakhala wantchito wa m'nyumba ya mkulu wina wosaona wopeka nyimbo ku Scotland, ndipo ankangopempha kuti amuphunzitse piyano, asabwererenso kunkhondo. Epsilon yekha ndiye adakana kupita, anthu n'kumamunena kuti ndi wamantha, iye n'kusankha kulera ana amasiye a nkhondoyo.

Ife Amalawi nkhani imeneyi si yachilendo. Kumapeto kwa 1914, magazi atakhetsedwa ku Karonga, John Chilembwe adalembera kalata nyuzipepala ya Nyasaland Times kudandaula kuti anthu akuda akufera nkhondo yomwe si yawo, pomwe nthawi ya mtendere sawerengedwa ngati anthu. Amuna ambirimbiri adatengedwa kukhala atengatenga, kusenza katundu wa asilikali, ndipo ochuluka sadabwerere. M'minda ya azungu ya m'chigawo chino, mabanja, ambiri mwa iwo Alomwe ochokera ku Mozambique, ankalipira malo okhala ndi thukuta lawo. Mwezi wa thangata unkatalika monga mwini munda wafunira. Mchitidwewu udathetsedwa ndi lamulo mu 1962, dzulodzulo lomweli.

Ndiye a ku Japan akamafunsa ngati makina angayenere ufulu wa munthu, ine wa kuno funso langa limatembenuka. Kodi munthu tidasiya liti kumuona ngati makina?

Pitani m'mawa kumaesiteti a tiyi, kaya ku Satemwa, ku Makandi, ku Naming'omba kapena kwa Conforzi. Mudzaona amayi ndi abambo dengu lili kumsana, manja akuthamanga pamwamba pa tiyi, kuthyola masamba awiri ndi kansonga. Tsiku lawo limayezedwa pasikelo. Nyengo ya mvula, kuyambira Disembala mpaka Epulo, ntchito imachuluka ndipo aganyu amalembedwa ambiri. Chilimwe chikafika, ambiri amabwerera kumudzi kumene malo olima ndi ochepa zedi, poti minda yaikulu ili m'manja mwa maesiteti.

Sindikunena kuti palibe chasintha. Mu 2015 kudayamba ndondomeko ya Malawi Tea 2020 yofuna kukweza malipiro kuti azikwanira pa moyo wa munthu. Mu 2016 bungwe la ogwira ntchito m'minda la PAWU lidasainirana koyamba mgwirizano wa malipiro ndi Tea Association of Malawi. Chimenechi chidali chinthu chachikulu: wothyola tiyi adapeza mpando pagome.

Koma loboti weniweni ali m'njira, ndipo sadzabwera ndi nkhope yachifundo ngati ya Gesicht. Adzabwera ngati makina othyolera tiyi, omwe amagwira ntchito ya anthu ambirimbiri, sadwala malungo, sapita kumaliro ndipo salowa m'bungwe la ogwira ntchito. Ku Kericho m'dziko la Kenya makina otere adalowa kale, anthu ambiri ntchito idawathera, ndipo mu Meyi 2023 anthu okwiya adawatentha ena mwa makinawo. Akuluakulu adati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Eni maesiteti ali ndi mfundo zawo, ndipo tisazinyoze. Tiyi wathu amapikisana pamsika ndi wa ku Kenya, India ndi Sri Lanka, mitengo ya feteleza ndi mafuta ikukwera, ndipo esiteti ikatsekedwa onse amataya. Kutentha makina sikungabweze ntchito. Mu Pluto muli gulu la anthu odana ndi maloboti, ndipo m'menemo timaonamo banja lomwe lidasweka bambo atachotsedwa ntchito chifukwa cha maloboti. Ululu wawo ndi weniweni, koma chidani chawo chikugwera chida, osati amene adasankha mmene chidacho chigwirire ntchito. Amene adayambitsa nkhondo akukhala phee m'maofesi.

Maganizo anga ndi awa. Nkhani ya makina ikambidwe tsopano, asadachuluke. PAWU iike nkhaniyi pagome limodzi ndi ya malipiro: makina angati, m'minda iti, m'zaka zingati, ndipo wochotsedwa apatsidwa chiyani. Achinyamata a m'midzi yozungulira maesiteti akhale oyamba kuphunzitsidwa kuyendetsa ndi kukonza makinawo. Aphungu a ku Thyolo ndi ku Mulanje afunse unduna wa zantchito kuti ndondomeko yake ndi yotani. Ndipo ngati maesiteti adzafuna manja ochepa, nkhani ya malo ibwerenso poyera, chifukwa munthu wopanda ntchito komanso wopanda munda sadya fungo la tiyi.

Mwina tsiku lina adzukulu athu adzatsutsana m'Nyumba ya Malamulo ngati kompyuta yoganiza ili ndi ufulu. Adzakhale nazo zimenezo. Ife lero tili ndi mayi wa dengu kumsana, yemwe palibe akukayika kuti amamva kuwawa, amalota komanso ali ndi ana ofuna fizi. Tiyambe ndi iyeyo.