ULALO WA OYENDA PANSI NDI ANJINGA UMANGIDWE PAMENE ANTHU AOLOKERA

Njanji inafika pa Lusaka m'caka ca 1905, mzinda usanakhalepo. Mzinda unacita kumera pambuyo pake, kum'mawa ndi kumadzulo kwa zitsulozo, ndipo pamene atsamunda anasamutsira likulu lao kuno kucokera ku Livingstone mu 1935, anaukonza monga malo a anthu okhala ndi magalimoto. Munthu wakuda woyenda pansi, amene thukuta lake linamanga nyumba za ku Ridgeway, sanamuwerengere. Ufulu unabwera mu 1964, koma njanji ikali kudula mzinda pakati monga mtsinje, ndipo madooko ake ndi owerengeka.

Lero anthu a mu Lusaka apitirira 2 miliyoni, malinga ndi kalembera wa caka ca 2022, ndipo ambiri mwa iwo amapita ku nchito, ku sukulu ndi ku msika ndi miyendo yao. Mai wotsika basi pa Intercity, mu Dedan Kimathi Road, ayenera kuoloka njanji kuti afike ku Cairo Road kapena ku msika wa Soweto. Pakati pa tauni pali maulalo a Independence Avenue, Church Road ndi Great East Road, koma amenewa anamangidwa poganizira galimoto coyamba. Kum'mwera, kumene Misisi ndi Chawama ayang'anana ndi Kamwala South, ndiponso kumpoto ca ku Chaisa ndi Garden, anthu anadzipangira okha tinjira todumpha zitsulo. Tinjira timeneti n'toyera mbee cifukwa ca mapazi. Pamenepo ndi pamene pamapita ana a sukulu, amai osenza ndiwo, anyamata a mawilibala ndi abambo okankha njinga zolemedwa ndi matumba a malasha.

Sitima si galimoto. Mawilo ake ndi citsulo coyenda pa citsulo cinzake, motero ngakhale woyendetsa aone munthu patsogolo, sangaimitse mabogi odzaza katundu pa kamtunda kakafupi, ndiponso sangakhote kuti amulambalale. Coopsa koposa ndi cizolowezi cokwawa pansi pa mabogi oima. Bogi yoima siicenjeza ikamayamba kuyenda.

Boma lacita zazikulu pa miseu ya likulu lino. Pakati pa 2018 ndi 2021 kunamangidwa maulalo a magalimoto ku Makeni, Longacres, Arcades ndi Munali, ndipo mu 2019 dziko linalandira ndondomeko yake yosamalira oyenda pansi ndi okwera njinga. Zimenezi n'zoyamikika. Tsono nthawi yakwana yoti mau a m'ndondomekoyo asanduke simenti ndi zitsulo pamwamba pa njanji, kumakomboni kumene kuli anthu ambiri.

Koma ulalo woterewu ungathe kudya ndalama za mtundu ndi kukhala cabe cokongoletsa. Phunziro lilipo kale pa maulalo a oyenda pansi a pa miseu ikuluikulu, monga Great East Road ndi Kafue Road, pamene anthu ena amasiya ulalo n'kuthamanga pakati pa magalimoto. Ena amati umenewu ndi ulesi ndi kusamvera lamulo, ndipo pa anyamata a mphamvu zao mau amenewa ndi oona. Nanga nkhalamba ya ndodo? Nanga wolemala wa pa njinga yake, kapena bambo wa matumba asanu a malasha? Makwerero ndi cipupa kwa anthu otere. Ulalo wa pa njanji uyenera kukhala ndi njira yotsetsereka pang'onopang'ono, yotakata bwino kuti wilibala ndi njinga zipambane popanda mkangano. Ngati ulalo uli mamita 6 pamwamba pa zitsulo, ndipo njira ikwera mita imodzi pa mamita 20 alionse, pafunika mamita 120 mbali iliyonse. Malo amenewo ayenera kupezeka pulani isanalembedwe, osati akontrakitala atafika kale.

Nkhani yaikulu kopambana ndi ya malo. Munthu wosenza katundu sangazungulire kilomita yathunthu kufuna ulalo, pamene kanjira ka masiku onse kali pakhomo pake. Pano dziko lino siliyenera kukapempha nzeru kunja. Kuyambira mu 1974, pamene lamulo linazindikira makomboni amene kale ankachedwa osaloledwa, Boma linayamba nchito yotukula Chawama, George, Chaisa ndi Chipata. Miseu ya m'makomboni amenewo sinalembedwe m'ofesi cabe ai. Atsogoleri a pamalopo anayenda pansi pamodzi ndi akatswiri, nagwirizana pamene mseu udzapita ndi nyumba zimene zidzasunthidwa. Umenewo unali Umunthu umene malemu Dr Kenneth Kaunda ankaphunzitsa, wakuti munthu ndiye akhale pakati pa citukuko ciliconse. Mabanja amene nyumba kapena tumasitolo tao tidzakhudzidwa ndi ulalo watsopano ayenera kumvedwa mwa njira yomweyo, ndi kupatsidwa malo ena mwaulemu.

Malo a m'mbali mwa njanji ali m'manja mwa Zambia Railways, miseu ya m'makomboni ndi ya Khonsolo ya Mzinda, ndipo mau a anthu amadzera m'makomiti a citukuko a m'mawodi. Onse atatu akhale pa mphasa imodzi. Ndalama za CDF, zimene mu 2022 zinakwezedwa kufika pa K25.7 miliyoni pa konsitityuwensi iliyonse, zingathandize pa nyale, ngalande ndi tinjira tofikira pa ulalo, ngakhale ulalo weniweniwo ufuna thumba lalikulu la Boma.

Nao anthu ali ndi mbali yao. Nyale zikabedwa, amai adzaopa kudzerapo usiku, nadzabwerera ku zitsulo. Ogulitsa malonda akadzaza pa ulalo, wanjinga adzasowa popita. Mpanda wa m'mbali mwa njanji ndi cuma ca mtundu, ndipo wouboola ndi mdani wa ana a m'komboni mwake momwe.

Nchito yoyamba siifuna ndalama zambiri. Makomiti a m'mawodi a Chawama, Kamwala, Chaisa ndi Garden atume anthu okhulupirika akaime pa tinjira timeneti kwa mlungu wathunthu, kuyambira mbandakuca kufikira madzulo, alembe m'buku oyenda pansi, anjinga, amawilibala ndi ana a sukulu, gulu lililonse pa lokha. Mainjiniya alandire mabuku amenewo asanakhome cikhomo coyamba.