Yankho la mkonzi: Makolo athu sanabwere ndi khasu lokha

Pali mawu amene akhala akuyenda kwa zaka zambiri m'mabasi ndi m'mabala. Akuti anthu ochokera ku Malawi, Mozambique ndi Zambia anabwera muno m'Zimbabwe kudzagulitsa thukuta basi, luso analibe. Ana a ku Rimuka ku Kadoma ndi a ku Pfupajena ku Chegutu akula akumva zimenezi, ena mpaka kuchita manyazi ndi chinenero cha agogo awo. Ife tikuti limeneli ndi bodza.

N'zoona, makolo athu anatsika mumgodi wa golide wa Cam and Motor, anatola thonje m'mafamu, ena anagwira ntchito ku fakitale ya nsalu ya David Whitehead. Pamenepo palibe chamanyazi. Koma ofalitsa mawuwa atiuze za Luis Meque.

Meque anabadwira ku Tete, ku Mozambique, mu 1966, ndipo anafika muno pothawa nkhondo ya kwawo. Anaphunzira kujambula ku BAT Workshop ya National Gallery ku Harare, kenako ntchito yake inakula ku Gallery Delta ya Derek Huggins ndi Helen Lieros. Pa nthawi imene akunja ankadziwa Zimbabwe ndi ziboliboli zamiyala, iye anagwira penti n'kumajambula anthu wamba a m'misewu ndi m'malokeshoni, ambiri atafulatira, ngati anthu ali paulendo. Ojambula achinyamata a ku Harare anaona kuti moyo wawo womwewo ndi woyenera kuikidwa pachithunzi, ndipo anatsata mapazi ake.

Ena amati moyo wake unali wamavuto. Sitikutsutsa: nkhondo, uthawathawa ndi matenda zinamulondalonda mpaka anamwalira mu 1998 atangopitirira zaka 30. Koma mavutowo safafaniza zimene manja ake anasiya.

Ngakhale miyala imene dziko lino limanyadira ili ndi zala za obwera. Ku Tengenenge, komwe Tom Blomefield anayambitsa mudzi wa osema mu 1966, ambiri mwa oyamba anali antchito a m'mafamu ochokera kunja, monga Fanizani Akuda wobadwira ku Zambia.

Akulu anati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa. Aphunzitsi ndi makolo a ku Kadoma ndi Chegutu, mwana akagwira khala n'kuyamba kujambula pakhoma, musafulumire kumukalipira. Mupatseni pepala, ndipo mumuuze dzina la Luis Meque.