Magalasi a dzuwa: kutchena kwa kunyanja komwe kungawononge maso

Okutobala akafika, msewu wa M14 wochoka mumzinda wa Lilongwe kupita ku Salima umasintha nkhope. Minibasi zahayala, makosita ndi galimoto za mabanja zimandondozana kutsikira kunyanja, makamaka pa 15 Okutobala, Tsiku la Anakubala, pomwe magombe a ku Senga Bay amadzaza mpaka kusowa poponda. Opita kumeneko si a mumzinda okha. Makwaya, magulu a amayi a m'mipingo, mabanki m'khonde ndi ophunzira ochokera m'madera monga Nambuma, Nsaru, Kabudula, Mpingu ndi Namitete amasonkha ndalama kwa miyezi ingapo kuti tsiku limodzi pachaka akaone madzi ndi maso awo.

Chaka chilichonse apolisi amachenjeza za ngozi zapamsewu, kumwa mowa mwauchidakwa ndi kumira m'madzi. Machenjezowa ngoyenera. Koma pali kanthu kena komwe ambiri amagula pokonzekera ulendowu popanda wowalangiza: magalasi a dzuwa. M'madepoti, mumsika wa Tsoka ndi m'makonde a sitolo, mavenda amawayala pabolodi ndipo wogula amangoyesa, kudziyang'ana pakalilole, n'kulipira. Funso lomwe limafunsidwa ndi lakuti kodi akundikhala? Lomwe silifunsidwa ndi lakuti kodi akuteteza maso anga?

Mdima wa galasi si chitetezo

Chomwe chimavulaza diso si kuwala komwe timakuona, koma cheza china cha dzuwa chosaoneka ndi maso, chomwe akatswiri amachitcha UV. Cheza chimenechi chili m'magulu atatu. Gulu la UVC limatsakamira mumlengalenga, koma UVA ndi mbali ina ya UVB zimafika pansi pano n'kulowa pakhungu ndi m'maso.

Apa ndi pomwe pagona vuto la magalasi ogula mwachisawawa. Diso lili ndi chitetezo chake chachilengedwe. Kukawala kwambiri, kamwana ka diso kamachepa ndipo munthu amatsinzina pang'ono, motero kuwala kolowa kumachepa. Munthu akavala galasi lakuda, diso limayesa kuti kwada, kamwana kaja kamakula ndipo zikope zimatseguka bwino. Ngati galasilo lilibe mphamvu yotchinga UV, ndiye kuti langotsegula chitseko n'kuchotsapo mlonda. Wovala magalasi oterowo angathe kulandira cheza chochuluka m'kati mwa diso kuposa mnzake amene akuyenda opanda kanthu kumaso.

Mphamvu yotchinga UV sigona pa mtundu wa galasi. Pali magalasi oyera mbee, monga opangidwa ndi pulasitiki ya polycarbonate, omwe amatchinga pafupifupi cheza chonsechi, ndipo pali ena akuda bii omwe amachilola kudutsa. Mtengonso si umboni. Magalasi otchipa angathe kukhala abwino, ndipo odula okhala ndi dzina la Ray-Ban lomata mwachinyengo angathe kukhala opanda ntchito.

Dzuwa la kuno si lamasewera

Dziko lino lili pafupi ndi mzere wa equator, kotero cheza cha dzuwa chimakhala champhamvu chaka chonse. M'chigawo chapakati dzuwa limadutsa paliwombo penipeni kawiri pachaka, chakumapeto kwa Okutobala ndi chapakati pa Febuluwale. Izi zikutanthauza kuti nyengo yomwe anthu amakhamukira kunyanja ndi yomweyo imene dzuwa limamenya molunjika kwambiri. Pa muyeso wa UV Index womwe bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limagwiritsa ntchito, munthu amayenera kuyamba kudziteteza muyesowo ukafika pa 3, ndipo kuyambira pa 11 kupita m'mwamba ndi pangozi yaikulu. M'maiko otentha ngati lathu, masana a m'chilimwe amafika pamenepo kawirikawiri.

Kunyanja vutoli limakula chifukwa cheza sichichokera kumwamba kokha. Mchenga wouma umabweza pafupifupi 15 peresenti ya UV, ndipo madzi nawo amabwezako gawo lina. Mitambo yopyapyala siteteza kwenikweni, pakuti mpaka 80 peresenti ya chezachi imatha kudutsa. N'chifukwa chake ena akachoka kunyanja amafika kunyumba maso ali psuu, akuyabwa ngati mwalowa mchenga ndipo misozi ili chuchuchu. Ambiri amanamizira madzi kapena mphepo, pomwe nthawi zina kumakhala kupsa kwa khungu loonekera la pamwamba pa diso. Kupsa kumeneku kumapola patapita tsiku limodzi kapena awiri.

Zomwe sizipola msanga ndi zobwera pang'onopang'ono. Choyamba ndi ng'ala, yomwe ndi gwero lalikulu la khungu padziko lonse. WHO imati anthu pafupifupi 15 miliyoni ndi akhungu chifukwa cha ng'ala, ndipo mwa iwo 10 pa 100 alionse vutoli lingakhale litadza kaamba ka cheza cha dzuwa. Ukalamba ndiwo umatsogolera pobweretsa ng'ala, ndipo matenda a shuga ndi kusuta fodya zimathandizira, koma dzuwa ndi chimodzi mwa zifukwa zomwe munthu angathe kuzipewa. Chachiwiri ndi kanyama kofiirira komwe kamamera pambali pa diso n'kumakwawira chapakati, komwe kamapezeka kwambiri mwa anthu ogwira ntchito padzuwa, pafumbi ndi pamphepo. Chachitatu ndi khansa ya pamwamba pa diso, yomwe madokotala m'maiko a kum'mwera ndi kum'mawa kwa Africa, kuphatikizapo Malawi, adaiona ikuchuluka pamodzi ndi mliri wa HIV. Dzuwa ndi kuchepa kwa chitetezo cha m'thupi zikakumana, chiopsezo chimakwera.

Ofunika magalasi ndi omwe alibe

Tikayang'ana bwino, mlendo wa tsiku limodzi ku Senga Bay, ku Cape Maclear kapena ku Chintheche si amene ali pachiopsezo chachikulu. Kuwonongeka kwa maso ndi dzuwa kumaunjikana kwa zaka. Amene ali pamoto weniweni ndi msodzi wopalasa bwato, mayi woyanika usipa pathandala, wakabaza, wogulitsa malonda pamsewu ndi mlimi.

Tengani chitsanzo cha Nambuma, kumpoto chakuzambwe kwa mzinda wa Lilongwe. M'miyezi ino alimi kumeneko amakhala ali kalikiliki kusosa, kuunga mizere ndi kuthirira nazale za fodya, ntchito zosadziwa mthunzi. Chigwa cha Lilongwe chili pamtunda wa mamita opitirira 1 000 kuchokera pa nyanja yamchere, pomwe nyanja ya Malawi ili pa mamita osakwana 500. Popeza mphamvu ya UV imakwera ndi pafupifupi 10 peresenti pa mamita 1 000 alionse, mlimi wa ku Nambuma sangadzitonthoze kuti kwawo n'kozizirirapo kuposa ku Salima. Kutentha ndi cheza ndi zinthu ziwiri zosiyana. Chodabwitsa n'chakuti mlimi yemweyo angagule magalasi pa ulendo wa kwaya wopita kunyanja, koma akabwerako amawasunga m'chikwama, n'kubwerera kumunda komwe amakhalako masiku ambiri pachaka opanda chotchinga kumaso.

Chifukwa chake chili m'kaonedwe kathu. Kumudzi, magalasi akuda amaonedwa ngati chizindikiro cha matama kapena uchitsotsi. Mnyamata sangalankhule ndi apongozi ake kapena kukhala pabwalo la mfumu atawavala, ndipo munthu wolima atavala magalasi angasanduke nkhani pachitsime. Ulemu wovula magalasi pamaso pa akuluakulu ulibe vuto. Vuto lili poganiza kuti chida choteteza thupi ndi chodzikongoletsera cha anthu a m'tauni basi.

Gulu lina lomwe nkhaniyi si yamasewera kwa ilo ndi la anthu achialubino. Kalembera wa 2018 adapeza kuti m'dziko muno muli anthu 134 636 achialubino. Maso awo alibe utoto wokwanira wochepetsa kuwala, choncho dzuwa limawathobwa kwambiri ndipo ambiri amavutika kuona patali. Kwa mwana wachialubino wa kusukulu ya kumudzi, magalasi abwino ndi chipewa cha khonde n'zofunika monga momwe alili mafuta oteteza khungu. Mabungwe monga Association of Persons with Albinism in Malawi ndi Standing Voice akhala akumenyera nkhondo thandizo lotere. Mwana wotereyu akapatsidwa magalasi achinyengo ndiye kuti wapusitsidwa kawiri.

Ndani akuyang'anira msika?

Pafupifupi magalasi onse a dzuwa omwe ali pamsika amachokera kunja. Kugwa kwa kwacha ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 komanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 kudakweza mitengo ya katundu wakunja, ndipo ogula ambiri adathamangira ku zotchipa. Palibe cholakwa pogula chotchipa. Cholakwa chili poti wogula alibe njira yodziwira ngati kachizindikiro ka UV400 komatidwa pagalasi kakunena zoona. Kusindikiza kapepala n'kosavuta kuposa kupanga galasi labwino. Ngakhale venda mwiniwake, amene amapikula katunduyo mumtolo, sadziwa chomwe akugulitsa.

Padziko lonse pali muyeso wa ISO 12312-1 womwe umafotokoza zomwe magalasi a dzuwa ayenera kukwaniritsa. Kuno tili ndi bungwe la Malawi Bureau of Standards, lomwe lidakhazikitsidwa mu 1972 kuti lizionetsetsa ubwino wa katundu, tili ndi Competition and Fair Trading Commission, komanso lamulo loteteza ogula la 2003 lomwe limaletsa kunamiza anthu pa malonda. Galasi lolembedwa UV400 koma losatchinga cheza ndi bodza la pamalonda ngati lina lililonse. Kamakina koyezera mphamvuyi n'kakang'ono ndipo kuyeza kumatenga kanthawi kochepa. Mabungwewa atayeza magalasi ochokera m'misika ingapo n'kulengeza zotsatira zake Okutobala asanafike, ogula angadziwe poyambira ndipo oitanitsa katundu angayambe kusamala. Kulanda katundu wa mavenda sikungathetse vutoli. Poyenera kugwira ndi pachipata pomwe katunduyo amalowera.

Dziko lino lidaonetsa kale kuti likafuna limatha. Mu Sepitembala 2022, WHO idalengeza kuti Malawi yathana ndi matenda a maso a trachoma ngati vuto la umoyo wa anthu, dziko loyamba kum'mwera kwa Africa kutero. Chipambanocho chidadza chifukwa uthenga ndi thandizo zidafika m'midzi kudzera mwa alangizi a zaumoyo, mafumu ndi sukulu. Njira yomweyo ingathe kunyamula uthenga wa dzuwa ndi maso. Sukulu yaukachenjede ya Mzuzu ndi Malawi College of Health Sciences zikuphunzitsa akatswiri oyeza maso, ndipo tsiku lokumbukira za maso padziko lonse limakhala Lachinayi lachiwiri la Okutobala, masiku ochepa chabe Tsiku la Anakubala lisanafike kapena pafupi nalo. Mpata wolankhula ndi anthu pa nthawi yoyenera ulipo.

Kupewa kulinso ndi phindu pa chuma. Opaleshoni ya ng'ala ndi yachidule ndipo imabwezeretsa kuona, koma munthu wa ku Nambuma kapena ku Kabudula kawirikawiri amayenera kufika kuchipatala cha maso cha pa Kamuzu Central kapena ku Nkhoma kuti athandizidwe. Ulendowo umafuna ndalama zoyendera za anthu awiri, wodwala ndi womuperekeza. Gogo akachita khungu, nthawi zambiri ndi mdzukulu amene amajomba kusukulu kuti azimutsogolera.

Posankha magalasi

Pomwe tikudikira kuti msika ukonzeke, wogula angathe kudziteteza. Ayang'ane chizindikiro cha UV400 kapena cholembedwa kuti galasilo limatchinga 99 mpaka 100 peresenti ya UVA ndi UVB, ndipo ngati n'kotheka agule kwa akatswiri a maso kapena awapemphe kuti amuyezere omwe wagula kwina. Magalasi aakulu okuta mpaka m'mbali ndi abwino kuposa ting'onoting'ono ta fasho, chifukwa cheza chimalowanso cham'mbali.

Mdima wa galasi umayezedwa kuyambira pa 0 mpaka 4. Kunyanja nambala 3 ndi yokwanira. Nambala 4 ndi yakuda kwambiri ndipo siyenera kuvalidwa poyendetsa galimoto, mfundo yomwe madalaivala a pamsewu wa Salima ayenera kuidziwa. Magalasi olembedwa kuti polarized amachepetsa kunyezimira kwa madzi ndi tala, zomwe zimathandiza asodzi ndi oyendetsa galimoto, koma mawuwo pawokha satanthauza kuti galasilo limatchinga UV.

Ana asaiwalike. Kagalasi ka m'kati mwa diso la mwana n'koyera kwambiri ndipo kamalola cheza chochuluka kulowa kuposa ka munthu wamkulu. Magalasi azidole ogulidwa pamodzi ndi zibaluni ndi oyenera kuwakayikira kuposa ena onse.

Amene sangakwanitse magalasi odalirika asataye mtima, ndipo asagule achinyengo pofuna kufanana ndi anzake. Chipewa cha khonde lalikulu, ngakhale chamlaza cholukidwa kumudzi monga zomwe zimagulitsidwa m'mbali mwa msewu wopita ku Senga Bay, chimachepetsa kwambiri cheza chofika m'maso. Kukhala pamthunzi dzuwa likafika paliwombo, kuyambira cha m'ma 10 koloko m'mawa mpaka cha m'ma 4 koloko madzulo, kumathandizanso. Alimi omwe amalawirira kumunda n'kuweruka dzuwa lisanakwiye akuchita kale zomwe madokotala amalangiza.

Maulendo a kunyanja ndi chinthu chabwino. Amapatsa ndalama eni malo ogona, asodzi, amabwato ndi osema ziboliboli, ndipo n'zosangalatsa kuti Amalawi a kumudzi nawo akuyamba kudyerera nyanja yawo. Chomwe chikufunika n'chakuti unduna wa zaumoyo ndi mabungwe oteteza ogula aike magalasi a dzuwa m'gulu la katundu wokhudza umoyo, ndipo uthenga wake ufike ku Nambuma monga momwe ungafikire ku Area 47. Malaya achinyengo akang'ambika munthu amagula ena, koma maso ali awiri okha ndipo sapikulidwa pamsika.