Kuperekeza kokha sikokwanira

Mnzathu akapeza malo ku Solusi ku Zimbabwe kapena ku Baraton ku Kenya, timasonkha kamba wapaulendo, kumupempherera n'kumuperekeza. Akangonyamuka timamuiwala, poganiza kuti wafika pabwino.

Komatu fizi, chakudya ndi chiphaso chokhalira m'dzikomo zimafuna ndalama zakunja. Mu Novembala 2023 kwacha idatsika mphamvu ndi 44 peresenti, dola imodzi n'kuchoka pafupifupi pa K1,180 kufika pa K1,700. Ndalama imene makolo ankatumiza idasiya kukwana tsiku limodzi. Wophunzira wa ngongole maganizo sakhala pa mabuku, ndipo kuchilendo alibe malume woti angamudandaulire.

Abale ndi alongo, mipingo yathu ikhazikitse thumba lothandizira ophunzira oterewa chaka chonse. Ifenso achinyamata tiziwaimbira foni, kuwafunsa mmene akudyera. Tidawatumiza tonse, tiwasenzenso tonse.